Denga lochotsa la Porsche ya malume ndi mvula ya ku Mzuzu

Aliyense amene waona madzi akudonthera pampando wa galimoto iyi wandipatsa malangizo amodzimodzi: ingomatani. Pitani ku hadiweya, mukagule silikoni, muzungulize denga lonse, nkhani ithere pomwepo. Oyendetsa mataxi anena choncho, mnyamata wotsuka magalimoto wanena choncho, ngakhale mayi a kunyumba, amene nkhani za magalimoto alibe nazo ntchito, anati chinthu chovuta kutseka osamachitsegulanso. Ine sindinamate, ndipo ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake, poganiza kuti alipo wina kuno kumpoto amene akusunga galimoto yakale ya denga lochotsa ndipo chubu cha silikoni chili kale m'manja.

Galimotoyo ndi Porsche 944 ya 1987. Eni ake ndi malume anga, alongo awo a mayi, amene anagwira ntchito ku Joni zaka zambiri n'kubwerera nayo kumudzi akuyendetsa okha, kudzera ku Beitbridge, Harare, Tete mpaka kulowa pa Mwanza. Masiku ano mawondo sakuwalolanso kutsikira m'galimoto yaifupi chonchi, ndiye anaisiya kwa ine ku Katoto ndi mawu akuti, "Mphwanga, uziyendetsa ingaume. Koma ukadzaigulitsa ndili moyo, pamaliro anga usadzapondepo."

Anthu akamva dzina loti Porsche amaganiza za ndalama zankhaninkhani. Komatu 944 inali Porsche ya munthu wapakati. Inatuluka mu 1982 n'kusiya kupangidwa mu 1991, ndipo anapanga zoposa 160,000, zambiri mwa izo pafakitale ya Audi ku Neckarsulm, ku Germany. Inabadwa kuchokera ku 924 ya 1976, galimoto imene poyamba Porsche inakonzera kampani ya Volkswagen. Injini yake ndi ya masilinda anayi, malita 2.5, ili kutsogolo, giyabokosi kumbuyo. Makaniko wina atamva kuti mashafuti oletsa injiniyo kunjenjemera anatengera luso la Mitsubishi anaseka n'kunena kuti ndiye kuti ndi mbale wake wa Canter. Malata ake anawakuta ndi zinki, chitsulo choteteza dzimbiri, n'chifukwa chake thupi likadali lolimba ngakhale penti inatuwa. Chimene chimakalamba msanga pa galimotozi ndi pulasitiki ndi labala, ndipo denga lake ladzaza ndi ziwiri zomwezo.

Denga limeneli silili ngati la magalimoto a masiku ano limene limangotsetserekera kumbuyo. Ndi chivindikiro chachikulu chokhala pamwamba pa mipando yakutsogolo. Kutsogolo kwake chimagwidwa ndi zokolera ziwiri za pamanja. Kumbuyo chimagwidwa ndi timikono tiwiri tokhota, tokhala ndi mano, timene timayendetsedwa ndi magetsi. Timikonoti tili ndi malo atatu oimapo. Tikatuluka kwambiri timakankha chivindikiro m'mwamba, kumbuyo kumatseguka pang'ono kuti mpweya uzituluka. Tikabwerera pakati timakokera chivindikiro pansi n'kuchigwira zolimba, ndiko kutseka. Tikalowa m'kati kwathunthu timachitaya, ndipo ukamasula zokolera zakutsogolo zija umanyamula chivindikiro chonse, kuchiika m'chikwama chake n'kuchigoneka m'buti.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti swichi ndi imodzi, koma ntchito yake imasintha malinga ndi pamene makiyi ali. Ukayatsa galimoto mpaka magetsi a pa dashibodi kuwala, swichi imangotukula ndi kutsitsa denga. Kuti timikono tilowe m'kati n'kulitaya, makiyi ayenera kukhala pa kudina koyamba, pomwe wailesi imalira koma injini ili chete. Anachita dala kuti munthu asamasule denga akuthamanga. Ndamvapo za anthu amene anamasula theka la galimoto kufunafuna waya woduka pamene vuto linali pa makiyi. Choncho musanagwire sipanala, yesani swichiyo pa kudina konse kuwiri.

Mota yake simungaiganizire pamene ili. Siili kudenga ayi. Ili m'buti, mbali ya kumanzere, kuseri kwa kapeti. Kuchokera pamenepo imakankha ndi kukoka kebulo yachitsulo imene imakwera m'kapaipi mpaka kudenga, komwe imazunguza timagiya tiwiri ta pulasitiki woyera, kena kumanja kena kumanzere, ndipo timagiyato ndi timene timayendetsa timikono tija. Ukamvetsa njira imeneyi, kuyambira pa swichi mpaka pa kamkono, kufufuza vuto kumasanduka nkhani yongotchera khutu.

Ukadina swichi n'kumva zii, vuto lili kumagetsi: fyuzi, relay (kaswichi ka magetsi kamene kamapatsira mota mphamvu), swichi yomweyo imene imadzaza fumbi m'kati, kapena waya wa nthaka amene wachita dzimbiri. Ukamva kakuti tche koma mota osazungulira, magetsi akufika pa relay koma sakupitirira, kapena mota yagwira. Ukamva mota ikulira bwinobwino kumbuyo koma denga osasuntha, kapena mbali imodzi ikutukuka ina ili phee, usavutike ndi mawaya, mano a kagiya atha. Ya malume inkachita zomalizazi. Kumanzere kunkakwera, kumanja kunkangoti khekhekhe, chivindikiro n'kupendekera, ndipo ukachitsitsa kona yakumanja sinkakhala pansi. M'tauni sizinkamveka, koma ukangotuluka pa msewu wa ku Ekwendeni mphepo inkaimba likhweru pamwamba pa khutu.

Kufika pa timagiya si ntchito yaikulu. Umachotsa chivindikiro kaye. Ngati timikono takana kulowa ndi magetsi, pa mota pali nati imene ungaizunguze ndi sipanala pang'onopang'ono mpaka titataya. Kenako m'mphepete mwa bowo, chakumbuyo, umatsitsa pang'ono nsalu ya kudenga n'kupeza timabokosi tiwiri tomangidwa ndi timasikuluwu. Nditatsegula ka kumanja, ndinapeza girisi atauma gwa, wachita bii ndi fumbi la zaka zambiri, ndipo m'girisimo munali tizidutswa toyera tating'onoting'ono. Kagiyako kanali kathunthu mbali imodzi, koma mbali ina mano angapo otsatizana anali atametedwa mpaka pamizu, pamalo posalala moti chala chinkangotererapo. Ka kumanzere mano ake anali onse, koma atapindikira mbali imodzi, kusonyeza kuti nako kanali m'njira.

Ndinatenga kagiya kothyokako kupita nako ku Luwinga kwa mkulu wina wosula zitsulo, munthu amene amatha kukupangira bawuti ya thirakitala imene fakitale yake inatsekedwa kale. Anakaika padzanja, kukatembenuza, kukayeza, kenako anati, "Bwana, azungu aja anakunamizani. Pulasitiki pa Porsche? Ndikusulirani ka mkuwa, mudzakasiyira adzukulu."

Ndinawathokoza, koma ndinakana, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya denga limeneli. Kagiya ka pulasitiki ndiko chinthu chofooka kuposa zonse pa njira ija, ndipo kufooka kwakeko n'kumene kumapulumutsa zinazo. Pakachitika chovuta, kamathyoka iko, kebulo ndi timikono ndi mota n'kutsala zili bwino. Ukaikapo ka mkuwa osakonza chimene chinathyola koyambako, mphamvu ija sikuti yatha, yangosamukira pa chinthu chotsatira, chimene ndi chodula komanso chovuta kuchipeza. Timagiya ta mkuwa timagulitsidwadi kunja, ndipo alipo amene amatikonda. Ine ndimaona kuti funso loyenera si lakuti tiikepo cholimba bwanji, koma lakuti kagiya kamene kanagwira ntchito zaka zonsezi kathyokeranji lero.

Yankho lili m'buti muja, pa mota. Pamenepo pali timaswichi ting'onoting'ono timene ntchito yake n'kuuza mota kuti yafika, iime. Kebulo ikamayenda, kachitsulo kena kamayenda nayo n'kumagunda timaswichito pa malo ake. Zaka zikamapita timasunthika pang'ono, kapena kalilime kake kamapindika, ndiye mota imaima mochedwa. Timikono tafika kale pamapeto, tilibenso kolowera, koma mota ikukankhabe. Opanga galimoto anaganizira zimenezi, n'chifukwa chake anaika pa mota kakilatchi kamene kamayenera kuterereka katundu akalemera. Koma kakilatchiko kakakhalitsa osaterereka kamagwirana, kapena wina wodziwa zonse amakamanga nati mpaka mapeto poganiza kuti wakonza. Zikatero palibenso chopulumutsa kagiya. Pa galimoto ya malume zonse ziwiri zinali choncho: kaswichi kochedwa, ndi nati yomangidwa ndi dzanja la munthu wina wa ku Joni amene anasiya zipsera za pulayala.

Ndiye dongosolo lake ndi lotere. Musanaike timagiya tatsopano, yambani mwamasula kakilatchi n'kukamanganso mofewa, ndi sipanala yoyeza mphamvu ngati ilipo, molingana ndi mlingo wa m'buku la galimotoyo. Kenako yendetsani mota timagiya tisanalowe, muone pamene ikuima, n'kusuntha timaswichi mpaka izizima timikono tisanagunde pamapeto. Mpata wake ndi waung'ono kwambiri, ndipo umasuntha pang'ono, kuyesa, kusunthanso. Wa zamagetsi amene anandithandiza, mnyamata wa ku Chibavi wozolowera ma Sienta ndi ma minibasi, anafika potopa n'kufunsa kuti, "Achimwene, tsiku lonse pa kaswichi kamodzi?" Koma ndi iye yemwe amene pomaliza anayamba kumva ndi khutu kusiyana kwa mota imene yazimitsidwa ndi swichi ndi mota imene yaima chifukwa yagunda. Yoyambayo imangoti zii mwadzidzidzi. Yachiwiriyo imabuula kaye.

Poika timagiya, timikono tonse tiwiri tiyenera kukhala pa msinkhu umodzi. Kena kakatsogola ndi dzino limodzi lokha, chivindikiro chimakhala chopendekera, kona ina imathina ina n'kusiya mpata, ndipo kagiya ka mbali yothinayo kamasenza katundu wa tiwiri. Sinthani tonse tiwiri nthawi imodzi, pukutani girisi wakale yense, muikemo watsopano wosadya pulasitiki.

Pali kaswichi kenanso kamene kamabisala kutsogolo, pakati pa zotchingira dzuwa ziwiri zija, pansi pa kachivindikiro ka pulasitiki. Iko kamauza magetsi kuti denga latukuka. Kakafa, denga limakwera koma kutsika limakana, ndipo zimenezi zimakonda kuchitika pamene mitambo yakuda yayamba kutsika ku Kaning'ina. Kuyeza kwake n'kosavuta, mita ya magetsi ndi chala basi. Ka malume kanali kamoyo, kanangofuna kupukutidwa.

Za kapezedwe ka zipangizo ndingonena mwachidule, chifukwa aliyense akudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Timagiyato pa tokha si todula, chodula ndi ulendo wake. Tanga tinagulidwa ku Johannesburg ndi mwana wa malume, n'kubwera pa basi m'thumba la jekete la munthu wa ku Mzimba.

Magetsi atakhala bwino, denga linayamba kutseka mofanana mbali zonse, likhweru lija linatha, koma madzi sanasiye. Apa ndi pamene alangizi a silikoni anabweranso ndi mphamvu.

Mzuzu si tauni yochitira chibwana ndi denga lodontha. Tili pamtunda wa mamita oposa 1,200, mvula ikayamba chakumapeto kwa chaka imatha kufika mu April kapena May, ndipo anzathu a ku Lilongwe akamapuma fumbi mu June ndi July, kuno kumakhala mawawa ndi nkhungu ya m'mawa imene imanyowetsa chilichonse. Galimoto ikanyowa m'kati siuma. Kapeti amayamba fungo la chuku, magalasi amachita nthunzi, ndipo pa 944 za m'zaka zimenezi kompyuta yoyendetsa injini ili pansi, kumapazi a wokwera. Madzi akafika pamenepo, nkhani ya denga yasanduka nkhani ya galimoto yosalira.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti denga lotere silinapangidwe kuti litseke madzi onse kunja. Labala wozungulira chivindikiro amachepetsa madzi, fumbi ndi phokoso, koma ena amadutsa ndithu, ndipo opanga ankadziwa. Pansi pa mphepete mwa chivindikiro pali kangalande kozungulira bowo lonse, ndipo m'makona ake anayi muli timabowo. Kabowo kalikonse kali ndi kapaipi. Tiwiri takutsogolo timatsika m'nsanamira za galasi lakutsogolo, tiwiri takumbuyo timatsika m'nsanamira zakumbuyo n'kukataya madzi pansi, chakumatayala. Zili ngati ngalande za m'mbali mwa msewu ku Chibavi: mvula ikagwa zili zoyera, madzi amadutsa osaonekera, koma zikadzaza zinyalala, madzi omwewo amalowa m'nyumba za anthu, ndipo palibe amene angati vuto ndi mvula.

Kuyesa kwake sikufuna chida. Chotsani chivindikiro, imitsani galimoto pamalo osapendekera, tengani botolo la madzi, thirani pang'onopang'ono m'kona imodzi, wina agwade ayang'ane pansi pa galimoto. Madzi ayenera kutsika msanga n'kudontha pansi. Pa ya malume, kona yakutsogolo kumanja madzi anangoima ndii mpaka kusefukira pa nsalu ya kudenga. Galimotoyi imagona pansi pa mtengo wa paini, ndipo masamba a paini, opyapyala aja, amalowa pa mpata uliwonse. Akasakanikirana ndi fumbi lofiira la chilimwe n'kunyowa, amaumbika dothi lolimba pakamwa pa kabowo.

Kona yakumbuyo kumanzere inachita zosiyana. Madzi anatsika mofulumira bwino, koma pansi pa galimoto sipanadonthe kanthu. Titakweza kapeti m'buti tinapeza kuti kapaipi kanafota ndi ukalamba n'kuvuka pamene kanalumikizidwa, ndiye madzi onse a mbali imeneyo ankathera m'kadzenje ka m'mbali mwa buti, pafupi ndi mota ya denga ija. Munali kadziwe, sipanala ya matayala ili m'kati yachita dzimbiri. Kona imene imaoneka ngati ikugwira ntchito bwino ndi imene inali yoopsa kuposa yotsekeka ija, n'chifukwa chake wogwada pansi uja ndi wofunika kuposa wothira madzi.

Potsegula timapaipi musagwiritse ntchito waya wolimba wa pa mpanda kapena wa hang'ala, amaboola kapaipi m'kati mwa nsanamira momwe simungafikemo. Musapitenso pa malo opopera matayala kuti akuuzireni mpweya wa kompuresa. Mphamvu yake imavula kapaipi pamalo obisika, ndipo madzi amene ankasefukira poonekera amayamba kutsikira m'kati mwa thupi la galimoto. Ine ndinapita kwa wokonza njinga za kabaza n'kugula kebulo ya buleki, ija ya m'kati yofewa, ndi kukulunga nsonga yake ndi katepi kuti isakande. Umailowetsa ukuizunguza, ikakana umabweza pang'ono, kuthira madzi ofunda, kulowetsanso. Zimene zinatuluka pansi zinali phala lakuda la masamba, kenako madzi ofiira, kenako oyera. Ulusi wokhuthala wa makina odulira kapinga umagwiranso ntchito yomweyo. Kapaipi kovuka kaja tinakadula nsonga youma, kulumikiza kachidutswa katsopano n'kumanga ndi kachitsulo kothinitsa paipi.

Tsopano labala. Kumunsi kwathu kuno, kupitirira Nkhata Bay polowera ku Chintheche, kuli minda ya mphira ya Vizara komwe ana amagulitsa mipira m'mbali mwa msewu, ndiye tinazolowera kuganiza kuti labala yense ndi wa mumtengo. Wa m'zitseko ndi m'madenga a magalimoto ambiri ndi wopangidwa kufakitale, mtundu wotchedwa EPDM, wopirira dzuwa ndi madzi koma wodana ndi mafuta ochokera ku petulo. Otsuka magalimoto amakonda kumupaka Vaseline kapena oyilo wakale kuti awale. Tsiku loyamba amaoneka bwino, pakapita nthawi amatupa, kufewa n'kuyamba kunyenyeka. Chofunika ndi kumutsuka ndi sopo ndi madzi, kuumitsa, n'kumupaka girisi wa silikoni, amene ndi wosiyana kotheratu ndi silikoni womatira uja ngakhale maina akufanana. Labala wouma koma wosang'ambika amatsitsimuka ndithu. Wong'ambika kapena wophwatalala ngofunika kusintha.

Kuti mudziwe ngati labala akugwira paliponse, ikani kapepala pakati pa chivindikiro ndi denga, tsekani, kokani. Pamene pakugwira bwino kapepala kamakana. Pamene kakungosololoka pali mpata. Zungulirani mbali zonse. Nthawi zambiri mupeza kuti vuto si labala koma kakhalidwe ka chivindikiro, ndipo mukalinganiza timikono kapena zokolera zakutsogolo, mpata umatsekeka osagula kanthu.

Nanga silikoni womatira walakwanji? Choyamba, sagwira bwino pa labala wakale ndi penti yotuwa, ndipo denga la galimoto limapindika pang'ono nthawi zonse ukamadutsa m'mabampu ndi m'maenje, choncho posakhalitsa pamatseguka timing'alu. Madzi amalowa ndithu, koma tsopano simungathenso kuchotsa chivindikiro kuti muyeretse kangalande kaja. Chachiwiri, silikoni wotchipa wa m'mahadiweya, uja wonunkha viniga, amatulutsa asidi akamauma, ndipo asidiyo amadya chitsulo paliponse pamene penti yakandika. Chachitatu, penti sigwira pamene padutsa silikoni, ndiye tsiku lodzapenta galimoto wopenta adzakutukwanani. Ndipo pamwamba pa zonsezi mwapha chinthu chimene chimapangitsa galimotoyo kukhala yosiyana ndi zina. Mwatsala ndi galimoto yaifupi, yakumwa mafuta, yokhula pansi pa bampu iliyonse, yopanda chokoma chake.

Porsche kuno ndi zosowa, koma pa Songwe pamalowa magalimoto a ku Japan ochokera pa doko la Dar es Salaam, ndipo mwa apo ndi apo mumaoneka akale a madenga ochotsa: Toyota MR2 ya 1989 mpaka 1999 yokhala ndi magalasi awiri ochotsa ndi chitsulo pakati, Nissan 300ZX yofanana nayo, kapena Honda CR-X del Sol imene inatuluka mu 1992, ya denga limodzi lolowa m'buti. Ambiri mwa amenewa alibe mota ndi timagiya, amangotsekedwa ndi dzanja, ndiye theka la mavuto ndafotokozawa sakuwakhudza. Koma za madzi n'chimodzimodzi, kungoti pa iwo ngalande zambiri zili m'labala momwemo, ndipo galasi la chitseko limagunda labalayo mwachindunji popanda felemu. Madzi akamadonthera pabondo, yang'ananinso ngati galasi la chitseko likukwera mpaka pamalo ake, chifukwa nalo limalinganizidwa.

Kuchotsa chivindikiro cha 944 munthu mmodzi angathe, koma n'chachikulu ndipo chimalemera kuposa mmene chimaonekera. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo apa mawuwo ndi oona monga alili: itanani wina agwire mbali inayo, apo ayi kona idzakanda penti. Pobwezera, lowetsani kutsogolo kaye, tsekani zokolera zonse ziwiri, tsitsani kumbuyo, kenako dinani swichi mpaka timikono tigwire. Musananyamuke, kankhani chivindikiro ndi chikhatho kuchokera m'kati. Galimotoyi ili ndi nzeru yoti ikayamba kuyenda timikono tili tomasuka, imatibwezera yokha pogwira, koma nzeru imeneyo imadalira relay ndi mawaya a zaka zoposa 35. Chivindikiro chosagwidwa bwino mphepo imachinyamula, ndipo kumbuyo kwanu kumakhala wa njinga kapena minibasi yodzaza anthu.

Zonse zitatha ndinakatenga malume kuti akaone. Kuwatsitsira pampando inali ntchito ya anthu awiri, koma atakhala anakana kutsika. Tinachotsa denga n'kulowera msewu wa ku Nkhata Bay, makilomita pafupifupi 50 otsetsereka ndi okhotakhota, kumene umanyamuka utavala juzi n'kukafika kunyanja thukuta lili kamukamu. Denga likachoka, kachotchinga mphepo kamadzuka kutsogolo kwa bowo, moti m'kati simuwomba chimphepo, mumangomveka fungo la nkhalango ndi utsi wa makala, ndiponso kutentha kumene kumakwera pang'onopang'ono pamene ukutsika. Malume sanayamikire kanthu. Anangotukula dzanja kugwira m'mphepete mwa bowo, kupapasa labala, n'kufunsa kuti, "Timagiya unaika ta pulasitiki tomwe tija?" Nditavomera anagwedeza mutu. "Ku Joni ndinasinthapo kawiri. Palibe anandiuza za kaswichi."

Pobwerera mvula inatipeza pokwera mapiri, tinaima n'kubwezera denga mothamanga, ndipo mpaka kufika m'tauni pampando sipanagwe dontho. M'buti mokha ndi mmene m'mawa mwake munapezeka chinyezi, mbali ya kumanja, kutali ndi timapaipi ta denga. Botolo la madzi linaonetsa kuti akulowera pamwamba pa chitseko cha buti. Pa 944 chitseko chimenecho ndi galasi limodzi lalikulu lomatidwa pa felemu ya aluminiyamu, ndipo likakalamba galasi limayamba kulekana ndi felemu chakumtunda, makamaka ngati wina anaikapo mashoko okweza amphamvu kwambiri. Pamenepo ndiye pofunikadi kumata, koma ndi guluu wakuda wa magalasi a galimoto, galasi litachotsedwa ndi felemu itapalidwa bwino. Wa magalasi wati tidikire mvula ithe, chifukwa ntchitoyo imafuna pouma, ndiye pakali pano kumbuyo kwa galimoto kukugona pansi pa tenti ndipo paini uja ndamudula nthambi za mbali imeneyo.